Za mwana wanga amene anasintha khalidwe atadwala malungo a mu ubongo

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati n'koyenera kupita kwa madokotala a matenda a maganizo ndi mwana wanga wa zaka 5, amene chichirireni malungo a mu ubongo sakhazikika, amamenya anzake popanda chifukwa, ndipo usiku amadzuka akukuwa. Ambiri munandilimbikitsa, ngakhale ena munaopa kuti akamugoneka ku Zomba Mental Hospital, koma nkhaniyi sinafike kumeneko.

Tinayambira pa chipatala cha m'boma lathu, pomwe namwino wa matenda a maganizo anacheza nafe pafupifupi ola lathunthu, mwanayo ali pansi akuseweretsa zitsekerero za mabotolo. Anatifotokozera kuti malungo amenewa amatha kuvulaza ubongo, moti ana ena amayamba kugwa khunyu kapena kulephera kudzigwira, ndipo si ufiti kapena kulera koipa. Apongozi anga, amene ankandinena kuti ndimamulekerera, anagwetsa misozi pomwepo.

Nditatchula kuti nthawi zina mwanayo amangoti duu, supuni ili m'manja, osayankha akaitanidwa, namwinoyo anatitumiza kwa dokotala, amene anapeza kuti ndi khunyu ndipo anamuyambitsa mankhwala. Pa za khalidwe, ophunzitsidwa tinali ife akuluakulu: kumugoneka nthawi yofanana tsiku lililonse, kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi, kumuyamikira msanga akachita bwino, ndiponso kutaya chikwapu, zomwe kwa ine zinali zovuta kuposa zonse.

Kumenya anzake sikunatheretu, koma masiku ambiri tsopano amagona mpaka kucha. Tibwereranso mwezi wamawa, ndipo ndapempha aphunzitsi ake a ku mkombaphala kuti atilembere zomwe akuona m'kalasi kuti tikapereke kwa namwinoyo.