Mpunga ukanyowa pa Chiweta, alipire ndani?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale, ndikufuna kutenga matumba 200 a mpunga wa Kilombero ku Karonga kubwera nawo kuno ku Mzuzu pa lole ya hayala. Mvula ndi iyi yayambayi, chikweza cha Chiweta mukuchidziwa. Mwini lole akuti ali ndi inshulansi. Lole itagubuduka kapena mpunga utanyowa, ndalama yanga ingabwerere?

Dalaivala wa ku Luwinga:
Mayi, afunseni kuti inshulansiyo ndi yamtundu wanji. Ambiri ali ndi ya third party basi, yolipira anthu ena amene galimoto yawachita ngozi, ija timamata pagalasi kuopa a trafiki. Imeneyo mpunga wanu siyiwudziwa. Dulani yanuyanu ya goods in transit, yoteteza katundu ali paulendo. Tenti muifunyulule muione nokha. Kabowo kolowa chala kamakwanira kuvunditsa matumba apamwamba onse. Matumba 200 a makilo 50 ndi matani 10, ndiye asawonjezerepo katundu wa ena panjira. Lole yolemedwa ikafooka pamtunda paja imabwerera chambuyo. Usiku asakwerepo, miyala imagumukira mumsewu.

Mlamu wa ku Katoto:
Werengani matumba pokweza, dalaivala asaine papepala. Wachibale mmodzi akwere nawo. Madalaivala ena sagwetsa lole, amangotsitsa matumba awiriawiri mwakuba pa Uliwa.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo achimwene. Nanga maulendo awiri, matumba 100 uliwonse?

Dalaivala wa ku Luwinga:
Dizilo mulipira kawiri mayi.