Msonkho wa nyumba za lendi kuno ku America

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ine ndine namwino, ndipo akazi anga ndi amene amayang'anira nyumba zathu zitatu za lendi ku South Bend: kutolera lendi, kuitana wa mapaipi, mpaka kupenta okha. Papepala nyumbazi zikuluza, koma wotiwerengera msonkho akuti sitingachotsere kuluzako pa malipiro anga powerengera msonkho poti timapeza zoposa $150,000 pachaka.

Ndamva kuti IRS, bungwe lotolera msonkho kuno, imafuna kuti munthu azigwira ntchito za nyumba maola oposa 750 pachaka, komanso oposa theka la ntchito zonse za munthuyo, kuti akhale real estate professional, kutanthauza munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi ya nyumba; akuti zikatero mpamene tingathe kuchotsera kuluzako. Mayiwa alibe ntchito ina. Kodi maola amene ine ndimagwira ku nyumbazi Loweruka angalowe pa 750 paja? Nanga maola amene amalemba m'kope pamanja, IRS ingawavomere? Amene munadutsamo kale, tiuzeniko.