Ayuda akamati "mfumu ili kumunda" amatanthauza chiyani?

Wa ku Ntcheu ali ku Joni:
Abale anga, ndithandizeni. Ndimasamalira maluwa ndi kapinga pakhomo pa banja lina lachiyuda kuno ku Johannesburg, chaka chachinayi tsopano. Chaka chilichonse chisanu chikamatha, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pakhomopa pamasintha. Mnyamata wawo amaphunzira kuliza lipenga la nyanga ya nkhosa lomwe amalitcha shofar, ndipo amayi amakhalira pa foni kuyankhula ndi abale omwe sanamvane nawo kwa nthawi yaitali. Sabata yatha agogo aamuna anandipeza ndikuthirira, n'kundiuza kuti uno ndi mwezi wa Elul, "mfumu ili kumunda." Anamwetulira n'kumapita.

Mawuwa andisowetsa tulo. Kwathu ukapita ndi mlandu kwa a nyakwawa n'kuuzidwa kuti mfumu ili kumunda, ndiye kuti wayenda ulendo wachabe, pabwalo palibe mwini, ubwere mawa. Kodi akunena kuti Mulungu wachokapo? Nanga n'chifukwa chiyani ananena ndi nkhope yachimwemwe chotere?

Mphunzitsi wopuma:
Achimwene, mwaumva mwambiwu ndi khutu lakumudzi, ndipo palibe cholakwa, koma tanthauzo lake lili kutsidya linalo. Pa Chihebri amati "hamelech basadeh." Ndi fanizo la Rabi Schneur Zalman wa ku Liadi, dera lomwe lero lili m'dziko la Belarus, amene anamwalira mu 1812. Iye anati mfumu ikakhala m'nyumba yake yachifumu, munthu wamba sangangolowa. Pamafunika chilolezo, ndipo amaloledwa ndi ochepa. Koma isanalowe mumzinda imadutsa kuminda, ndipo kumeneko aliyense wofuna amatha kuyandikira, iyo n'kumulandira ndi nkhope yosekerera. Elul ndiye nthawi imeneyo. Ndi mwezi wa masiku 29 womwe umatsogolera Rosh Hashanah, chaka chatsopano chawo, lomwenso amalitenga ngati tsiku lachiweruzo. Mfumu siinathawe bwalo ayi. Yabwera komwe kuli anthu mlandu usanayambe.

Mayi wa Mvano, Dedza:
Zikomo aphunzitsi. Ine dzina la mweziwu ndinalipeza m'Baibulo lathu lomweli. Pa Nehemiya 6:15 linga la Yerusalemu linatha kumangidwa pa tsiku la 25 la mwezi umenewu, atagwira ntchito masiku 52. Sindinkadziwa kuti mpaka lero ulipo. Koma ndifunse, bwanji kumunda? Bwanji osati kunyumba yopemphereramo?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, mwafunsa pomwe pagona nkhani. Rabiyo ankayankha funso lomwelo. Ngati mwezi uno uli wachifundo chochuluka chotere, bwanji masiku ake sali a chikondwerero, oti anthu asiye ntchito n'kuvala zovala zabwino? Yankho lake ndi munda. Kumunda munthu amakhala ndi dothi m'mapazi, thukuta lili kamukamu, malaya ong'ambika pamapewa. Sunasambe, sunakonze mawu oti ukanene. Mfumu yakupeza momwemo. Ndiye Elul ndi masiku wamba a ntchito, sitolo zotsegula, ana ali kusukulu, koma munthu akudziwa kuti mwini dziko ali pafupi ndipo angathe kuyankhula naye ali chigwirire khasu. Ineyo mbali imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa ambirife timadikira kuti tiyambe takonzeka kenako tipemphere, ndipo tsiku lokonzekalo silifika.

Amanenanso kuti zilembo zinayi za dzina la Elul pa Chihebri ndi zoyambirira za mawu anayi a pa Nyimbo ya Solomo 6:3, pomwe mkazi akunena kuti iye ndi wa wokondedwa wake ndipo wokondedwayo ndi wake. Woyamba kusuntha m'mawuwo ndi munthu. Mfumu yafika kumunda, koma kusiya mzere n'kupita kukailonjera ndi kwako.

Wa ku Chipata:
Ine ndikuona ngati tikuufewetsa kwambiri mwambiwu. Ngati zonse zili kumwetulira, lipengalo ndi la chiyani? Lipenga silimalira pachabe. Maimonides, mphunzitsi wawo wamkulu amene anamwalira mu 1204, analemba kuti kulira kwa shofar kuli ngati kuuza ogona kuti dzukani, fufuzani zochita zanu, bwererani. Mawu awo akuti teshuvah, omwe ife timangoti kulapa, kwenikweni ndi kubwerera. Ayuda ochokera pakati ndi kummawa kwa Ulaya amaliza lipengali m'mawa uliwonse wa mweziwu kupatula pa Sabata ndi tsiku lomaliza. Amawonjezera Salimo 27 pa mapemphero awo, ndipo Ayuda a Chisefaradi, omwe makolo awo anachokera ku Spain ndi Portugal, amadzuka m'bandakucha pafupifupi mwezi wonse kupemphera mapemphero opempha chikhululukiro otchedwa selichot. Kuyambira tsiku loyamba la Elul kufikira Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero, ndi masiku 40, omwe amawagwirizanitsa ndi masiku 40 amene Mose anakhala pa Sinai kupepesera anthu atalambira mwana wang'ombe. Umenewo si mwezi wopuma.

Mphunzitsi wopuma:
Simukunama, bambo. Mfumuyo ikupitabe kumzinda, ndipo bwalo lidzakhalapo ndithu. Koma sindikuona kuti ziwirizi zikulimbana. Lipenga likukudzutsa kuti usagone pansi pa mtengo mfumu ikudutsa m'munda mwako.

Mayi wa Mvano, Dedza:
Nanga mafoni a amayi aja?

Wa ku Chipata:
Amenewo ali m'malamulo awo akale, mu Mishnah. Tsiku la Yom Kippur limafafaniza zomwe munthu walakwira Mulungu, koma zomwe walakwira mnzake sizifafanizika mpaka atapita kukamupepesa mwini wakeyo. Sungadumphe m'bale wako n'kukathera nkhani kumwamba. N'chifukwa chake mwezi uno amabweza ngongole, amapereka kwa osauka, ambiri amapitanso kumanda a makolo awo. Amayiwo akutsuka mbale mvula isanagwe.

Wa ku Ntcheu ali ku Joni:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake agogo aja anasankha kundiuza mawuwa ndili ndi paipi m'manja, mabuti ali matope okhaokha. Ndinali kumunda kwenikweni.

Za mafonizo zandilasa. Ine ndi mkulu wanga sitinayankhulane kuyambira pamaliro a amayi, nkhani yake ya malire a dimba. Zaka zitatu. Nambala yake ndili nayo, ndimaiona ndikamafufuza za ena. Pano kwathu anthu ayamba kusosa, ndiye ndikudziwa komwe ndingamupeze dzuwa likamatuluka. Ndagula mayunitsi. Mawa m'mamawa ndisanatsegule madzi ndimuimbira, kenako ndikawafunse agogo mmene amayambira iwo akamapepesa munthu amene anakhala naye chete nthawi yaitali.