Ndani ali ndi mwana pa sukulu ya charter ku Indianapolis?

Moni nonse abale a kuno ku Indiana. Mwana wanga ayamba kindergarten (kalasi ya ana asanayambe giredi 1) chaka chamawa, ndipo ndikuganiza zomulembetsa pa sukulu ina ya charter (yolandira ndalama za boma koma yoyendetsedwa ndi bungwe loima palokha) kudzera pa Enroll Indy, njira yolembetsera ana m'sukulu za ku Indianapolis. Sukuluyi ndi yaulere, koma mtima sunakhazikike.

Ndinakaiona: makalasi ndi aukhondo, ana amayenda pamzere mwakachetechete, koma bwalo losewerera ndi laling'ono, lasimenti lokhalokha. Zotsatira za sukuluyi pa mayeso a boma la Indiana otchedwa ILEARN ndinaziwerenga, komabe mayesowo amayambira giredi 3, ndiye sizikunena kanthu za ana aang'ono. Nditafunsa ngati aphunzitsi amakhalitsa, anangondipatsa kapepala.

Inu amene muli ndi ana m'sukulu zoterezi, kodi basi yotenga ana ndi yodalirika? Nanga mwana wozolowera Chichewa pakhomo amamuthandiza bwanji pa Chingerezi? Chonde ndiuzeni zimene munaona.