Chiyambireni kemo ndikulephera kupemphera, kodi chikhulupiriro chandithera?

Mayi wa ku Linthipe

Abale mwa Ambuye, ndikulemba usiku uno poti tulo tandithawa. Ndili ndi zaka 46, ana anayi, ndimalima nyemba ndi kachewere, ndipo ndakhala m'Chigwirizano cha amayi ku mpingo wathu wa CCAP zaka zoposa khumi. Chaka chatha ndinayamba kutaya magazi nthawi yosakhala yake. Ndinkangoti ndi ukulu, msambo ukutsanzika. Nditapita kukayezetsa, namwino anapaka viniga uja pa khomo la chiberekero, anakhala kaye chete, kenako anaitana mnzake. Mtima unangoti myuu. Ananditumiza ku Lilongwe, anadula kanyama, patapita masabata anandiuza kuti ndi khansa.

Kemo, mankhwala a khansa olandirira m'diripi, ndalandira katatu. Tsitsi linathothoka lonse, ndiye ndi kuzizira kwa June kuno ku Dedza duku silichoka kumutu ngakhale pogona. Nsima ndikangomva fungo lake, kusanza.

Koma chandilembetsa si ululu ayi, ndi pemphero. Ine ndinali munthu woti akati "Mayi, titsekereni ndi pemphero," mawu ankangobwera okha. Ndayendera odwala ambiri, kuwagwira dzanja n'kumawauza kuti limbani mtima, Mulungu alipo. Lero ndikagwada mawu amauma pakhosi. Ndimangoti "Atate," basi, misozi chuchuchu. Baibulo lili kumutu kwa bedi, sabata yachitatu ino osalitsegula. Anzanga akabwera kudzazonda ndimawayankha kuti Ambuye akutisunga, koma m'kati muli mbee.

Sabata yatha kunabwera alamu anga, achemwali a amuna anga. Akuti matendawa sakutha chifukwa ndikudalira madiripi m'malo modalira Mulungu, ndisiye kemo tipite kwa mneneri wina wopereka madzi ndi mafuta. Akuti wokhulupirira sayenda njira ziwiri. Bambo a kunyumba anangoweramitsa mutu. Mawuwo andikhala pamtima. Kodi kuuma kwangaku ndi chizindikiro choti alamuwo akunena zoona? Alipo amene anadutsamo?

Bambo wa ku Lizulu

Mayi, pepani kwambiri. Ine ndinadwala TB mpaka abale anayamba kunong'onezana kuseri kwa nyumba. Ndine mkulu wa mpingo, koma miyezi iwiri yathunthu sindinapemphere. Ndinali ndi mkwiyo, ndinene zoona. Ndinkaona anzanga ogulitsa nawo kabichi ndi tomato pamsika akukweza matumba m'magalimoto, ine kulephera ngakhale kunyamula kapu ya madzi.

Chimene chinandithandiza ndi nkhani ya pa Marko 2, ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamunyamula pa mphasa mpaka kubowola denga. Ndinailalikirapo kangapo, koma mpaka nditadwala m'pamene ndinaona kuti wodwalayo sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Sanapemphe kanthu. Zalembedwa kuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo, pamodzi ndi onyamula aja. Ine onyamula anga anali mayi a kunyumba ndi madoda atatu a kumpingo amene ankabwera Lachitatu lililonse, kukhala pakhonde n'kumaimba, ine ndili gone m'nyumba. Mankhwala ndinamwa miyezi isanu ndi umodzi yonse osadumphitsa.

Inu mwanyamula anthu zaka khumi. Auzeni amayi anzanuwo zoona, musamawayankhe zoti zili bwino.

Namwino wopuma ntchito, Dedza boma

Mwanawe, ndiyankha za alamu akowo, chifukwa zandipweteka. Werenga 2 Mafumu 20. Mfumu Hezekiya inadwala kufuna kufa, inatembenukira kukhoma n'kulira, Mulungu anaiwonjezera zaka 15. Koma mneneri Yesaya yemweyo, wobweretsa uthengawo, analamula kuti atenge nkhuyu aike pa chithupsa chake. Mneneri weniweni, n'kupereka mankhwala! Nayenso Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali dokotala, ona Akolose 4:14.

Ndili pa ntchito ndinaona amayi amene anasiya chithandizo pakati, n'kudzabwera atanyamulidwa, matenda atafalikira. Sindimaiwala nkhope zawo. Wofuna kukupempherera abwere, khomo ndi lotsekula, koma tsiku la kemo lisasunthe. Za kusanza uwauze adokotala, mankhwala ake alipo, usamapirire chamumtima. Thupi likatentha thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, poti kemo amachepetsa asilikali a m'thupi. Ndipo ngati uli ndi kamtsikana, funsa za katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019.

Wa mphakati wa ku Bembeke

Ine ndine Mkatolika, koma ululu ndi umodzi. Mayi anga atadwala ankangogwira kolona m'manja osatha kunena kanthu. Bambo mfumu atabwera kudzawadzoza anatiwerengera Aroma 8:26, poti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kumene mawu sangakufotokoze. "Atate" wanuyo ndi pemphero lathunthu, mayi. Ku Getsemane Ambuye nawonso anayamba ndi liwu lomwelo. Tikukumbukirani pa mphakati Lamlungu lino.

Mayi wa ku Linthipe

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Lachinayi amayi a Chigwirizano anabwera asanu ndi mmodzi, atatenga ufa ndi nkhuni. Amayi abusa atandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ndinakumbukira mawu anu, bambo a ku Lizulu, ndinawauza kuti kupemphera kwandikanika. Manyazi anandigwira kwambiri. Palibe anandidzudzula. Gogo wina, amene anaika ana awiri m'manda, anangondikokera pachifuwa pake n'kuyambitsa nyimbo. Ine sindinaimbe, ndinangomvera.

Mwana wanga wamkazi wandiwerengera za Hezekiya dzulo, kawiri. Alamu sindinawayankhebe, ndawapempha bambo a kunyumba kuti akalankhule nawo okha, ndi mlongo wawo. Lolemba m'mamawa tikwera minibasi pa msewu wa M1 kupita ku Lilongwe, ulendo wachinayi. Amayi anamwino, za mankhwala a kusanza ndikafunsa. Nanga phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndingamamwe m'mawa wa tsiku la kemo, kapena ndizipita osadya?