Kodi mitengo ya mangrove imasunga pati kaboni wochuluka chonchi?

Wophunzira za chilengedwe:
Pali mfundo imodzi imene ikundizunguza mutu. Akatswiri amanena kuti hekitala imodzi ya mangrove, mitengo yomera m'matope a madzi amchere m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu, imasunga kaboni wochuluka kuposa hekitala ya nkhalango yowirira ya ku Amazon kapena ku Congo. Komatu yambiri mwa mitengo imeneyi ndi yaifupi, pamene ya ku Congo ina imapitirira mamita 40. Nanga kaboniyo, amene mitengo imakoka mumpweya wa mumlengalenga pokula, amakhala pati? Ndipo kodi nyama za m'menemo zili ndi gawo lililonse pa nkhaniyi?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Mwafunsa bwino mwanawe, koma maso anu ali m'mwamba pamene yankho lili pansi. M'nkhalango ya pamtunda, tsamba likagwa, chiswe, bowa ndi mabakiteriya amaliwoletsa m'miyezi yochepa, ndipo kaboni amene mtengowo unakoka mumlengalenga amabwerera komweko. M'mangrove zinthu sizitero, chifukwa matope ake amakhala odzaza madzi nthawi zonse, moti mpweya wa okosijeni umene umafulumizitsa kuwola sulowamo. Mukaponda matopewo, phazi limatitimira ndipo pamatuluka fungo ngati la mazira owola. Mitengoyo imachita kupumira m'mizu yotumphuka pamwamba: ya mtundu wa Avicennia imatulutsa timizu tambirimbiri toima chilili ngati mapensulo. Choncho mizu yakufa ndi masamba zimangounjikana zaka mazanamazana, mpaka nthakayo kuzama mamita angapo.

M'chaka cha 2011, wasayansi Daniel Donato ndi anzake anayeza nkhalango 25 za mangrove za kunyanja za Indian ndi Pacific, napeza kuti hekitala imodzi imasunga matani pafupifupi 1,000 a kaboni, ndipo theka lake kapena kuposerapo linali m'nthaka.

Wokonda za m'nyanja:
A Mphunzitsi afotokoza bwino za matope, ine ndiwonjezerepo za nyama. Anthu akamva za Sundarbans, nkhalango ya mangrove ya ku Bangladesh ndi India, amaganiza za akambuku a mizeremizere a ku Bengal, kapena za anyani amene amagwetsa masamba akamadya, agwape n'kumatola pansi. Zimenezo n'zosangalatsadi, koma pa nkhani ya kaboni nkhanu ndiye mwini ntchito. Tsamba likangogwa, nkhanu imatuluka, n'kuligwira ndi zipanira zake, n'kulikokera kuuna madzi asanakwere kudzalitengera kunyanja. Chimene yasiya osadya pamodzi ndi ndowe zake zimatsalira pansi. Komabe tisaiyamikire mopitirira, chifukwa mauna omwewo amalowetsa mpweya m'matope, ndipo m'mbali mwa unawo zinthu zimawola msanga, ngakhale kuti mitengo imakula bwino ndi mpweyawo.

Mayi wa zankhalango:
Ndikupempha kuwongola pang'ono kuyerekeza kwa wofunsa. Ku Congo nakonso kuli dambo lalikulu lotchedwa Cuvette Centrale, limene mu 2017 linadziwika kuti lili ndi matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni m'nthaka yake yonyowa. Ndiye kuti chinsinsi si mtundu wa mtengo ayi, koma madzi otsekereza mpweya. N'chifukwa chake kukumba maiwe owetera shrimp (tinyama tam'madzi todyedwa, ta m'gulu la nkhanu), kumene kwawononga mangrove ambiri ku Indonesia ndi m'mayiko oyandikana nalo, n'koopsa kuposa kudula nkhuni, popeza matope akaikidwa poyera n'kuuma, nkhokwe yakalekale ija imayamba kuthawira mumlengalenga.

Wophunzira za chilengedwe:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kuti pamene padulidwa, tikadzala mbande zatsopano, zonse zidzabwerera mwakale?

Mayi wa zankhalango:
Mitengo ikhoza kubwerera m'zaka makumi angapo, koma matope otayika amafuna nthawi yaitali kwambiri. Ndipo kudzalako kumafuna nzeru. Ku Philippines anadzala mbande zochuluka za mangrove a mtundu wa Rhizophora, chifukwa mbewu zake zazitali, zimene zimamera zikadali pamtengo, n'zosavuta kungozibaya m'matope, koma ambiri anazidzala kumunsi kumene madzi amakhalitsa ndipo mafunde ndi amphamvu, moti zambiri zinafa. Kawirikawiri chofunika choyamba n'kugumula makoma a maiwe osiyidwa kuti madzi azikwera ndi kuphwera monga kale, ndipo mbewu zimabwera zokha zikuyandama. Kumene nkhalango ikadalipo, kuiteteza n'kumene kumapindulitsa: ku Gazi Bay m'dziko la Kenya, anthu a ntchito ya Mikoko Pamoja amalandira ndalama chifukwa cha kaboni amene mangrove awo akusunga, ndipo amazigwiritsa ntchito pa madzi akumwa ndi zofunika za sukulu.