Thandizeni, E. coli wanga wakana kumera mu M9

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, mutu waima. Bakiteriya wanga E. coli mu LB (chakudya chokhala ndi zonse) akumera bwinobwino, koma ndikamuika mu M9 ya glucose (chakudya cha mchere ndi shuga basi) madzi akungokhala mbee mpaka m'mawa. A supervisor sakuyankha mauthenga, mnzanga wa benchi imodzi amangonditolera ma tips a pipette osapempha, magetsi ndi omwewa, lipoti likufunika mwezi uno. Wina wati ndi nkhani ya ma enzyme opanga thiamine (vitamini B1). Nditani?

Kadzidzi: Za ma tips tamva. Strain yake ndi iti?

Mjomba ThiC: Za strain zidikire, mverani kuno. Thiamine imapangidwa zigawo ziwiri. Enzyme ya ThiC imatenga AIR, ija ya njira ya ma purine, n'kuisandutsa HMP-P, chigawo choyamba, ThiD n'kuwonjezera phosphate. Chigawo chachiwiri, cha thiazole, ndi ntchito ya ThiG, ThiH, ThiS ndi ThiF, kuchokera ku DXP, tyrosine ndi sulfure wa cysteine. ThiE imalumikiza ziwirizi, ThiL n'kumalizitsa TPP, thiamine yogwira ntchito m'selo. Yosachedwa kufooka ndi ThiC chifukwa imadalira 4Fe-4S (kagulu ka ayironi ndi sulfure), ndipo mu M9 simuthiridwa ayironi. Thirani ayironi, nkhani yatha!

Mayi Petri: Mjomba, nanga bwanji strain ya MG1655 imamera mu M9 yomweyo? Ngati strain yanu ndi DH5α kapena JM109, onsewo ali ndi mutation ya thi-1, sadzipangira okha thiamine. Mu LB amapulumukira yeast extract. Sungunulani 1 mg/ml ya thiamine-HCl, sefani pa 0.22 µm, thirani 1 ml pa lita. Isalowe mu autoclave, imawonongeka ndi kutentha.

Chule Wamkulu: Ndiye bakiteriya wadwala beriberi? Mpatseni mgaiwa, ufa woyera wamulowa.

Mjomba ThiC: Kuthira thiamine n'kuphimba vuto. TPP ikachuluka imakamata riboswitch (kachidutswa ka RNA kotsegula ndi kutseka majini), majini onse a thiCEFSGH n'kutsekeka. Muphunzirapo chiyani?

Mayi Petri: Munthuyu akufuna maselo, osati digiri yachiwiri.

Wa Yisiti: Mjomba mukuyankhula ngati ThiC ndiye dziko lonse. Yisiti wa Saccharomyces alibe ThiC, amapanga HMP ndi THI5 kuchokera ku histidine ndi PLP (vitamini B6). Popanga thiazole, THI4 imathothola sulfure pa cysteine yakeyake, igwira kamodzi basi n'kutha ntchito. Ngakhale Bacillus subtilis sagwiritsa ThiH, ali ndi ThiO ya glycine.

Mjomba ThiC: Wafunsa za yisiti ndani pano? Zomera zonse zili ndi THIC, kawerengeni.

Kadzidzi: Mukangana mpaka kucha. Tsukani maselo kawiri mu M9 yopanda kanthu, apo ayi thiamine ya mu LB iwakankhira pang'ono n'kukusokonezani. Ikani machubu anayi: yopanda chowonjezera, ya HMP, ya thiazole, ya thiamine. Akamera ndi HMP, chathyoka ndi ThiC. Akamera ndi thiamine yokha, yang'anani ThiE kapena ThiD. Komanso MgSO4 ya 2 mM munathira? Glucose wa 0.4% munamuphika payekha kapena pamodzi ndi ma phosphate?

Mayi Petri: Ngati ndi JM109 ndipo akukanabe ndi thiamine, wataya F' (plasmid yonyamula majini opangira proline), ndiye akufunanso proline.

Mjomba ThiC: Ayironiyo muthirebe.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, koma ndasokonezeka kuposa poyamba. Mnzanga uja lero watenganso sefa yanga yomaliza.

Kadzidzi: Abale inu, pa chubu cha mu firiji palembedwa strain yanji?